M'bale watuluka m'chipatala ndi jumbo la mankhwala a mtima, a mphumu ndi warfarin: kunyumba muzitani

Munthu wodwala mtima akamatuluka m'chipatala samabwera ndi mankhwala amodzi ayi, amabwera ndi timapepala tambirimbiri, ena oyera ena apinki, pamwamba angolemba 1x1 kapena 1x2 basi, ndiye ntchito yonse imagwera gadiyani amene pa windo la famase anamufotokozera zonse mothamanga kumbuyo kwake kuli mzere wautali. Chimene ndikufuna mumve ndi ichi: mankhwala amenewa paokha savuta kwenikweni, amavuta munthu akawonjezerapo china chogula pa golosale, kapena akawasiya mwadzidzidzi poti akupezako bwino. Ena amene amabwerera ku ward patangotha milungu iwiri nkhani yake imakhala imodzi mwa ziwirizi.

Choyamba tengani pepala mulembe dzina lenileni la mankhwala aliwonse, mphamvu yake ya ma mg, ndi ntchito yake. Osati "tating'ono toyera" chifukwa mwezi wamawa famase ikhoza kulandira a kampani ina tikhala tachikasu koma mankhwala ali omwewo, ndiye munthu amamwa zonse ziwiri kuganiza kuti ndi zosiyana. Pepalalo lipindeni likhale mu health passport, mulijambulenso pa foni. Kulikonse kumene wodwala wapita, kaya ndi kwa wa mano kaya ku kiliniki yapulayiveti chifukwa cha malungo, pepalali lizituluka asanalembe chilichonse.

Za BP ndi mtima

Hydrochlorothiazide, amene ambiri timangoti HCT, ndi furosemide uja wa Lasix ntchito yawo ndi kuchotsa madzi ndi mchere kudzera mu mkodzo. Amwedwe m'mawa. Mukampatsa agogo furosemide madzulo ndiye kuti usiku wonse akhala akudzuka, ndipo kugwa kwa anthu okalamba kumachitika nthawi ngati imeneyo, mumdima akuthamangira kuchimbudzi. Ngati adokotala anena kuti kawiri patsiku, wachiwiriyo akhale wa masana cha m'ma 2 koloko. Kwa amene mtima wake unafooka, sikelo ndi yofunika kuposa makina a BP, ayezedwe m'mawa uliwonse atakodza asanadye, ndipo akakwera makilo 2 m'masiku atatu amenewo si mafuta, ndi madzi akudzadza, pitani ku kiliniki musadikire deti. Chizindikiro china ndi kuyamba kugona chokhala kapena kuwonjezera mapilo chifukwa akagona chagada akubanika.

Enalapril ndi captopril amamasula mitsempha ya magazi komanso amateteza mtima ndi impso. Vuto lawo lodziwika ndi kachifuwa kouma kokanda pakhosi, kamagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse, ndipo kuno kwathu munthu akatsokomola mwezi aliyense amaganiza TB. Kayezetseni makhololo inde, koma muwauzenso kuti akumwa enalapril, akhoza kumusinthira pa losartan chifuwacho nkutha. Chosaseweretsa ndi kutupa milomo, lilime kapena nkhope, izi zimachitika kwambiri kwa ife anthu akuda kuposa azungu, zikachitika asamwenso ndipo thamangani nayeni. Mayi amene waima kapena akufuna kuima sayenera kumwa enalapril kapena losartan, amawononga impso za mwana m'mimba.

Amlodipine alibe nkhani zambiri, kungoti amatupitsa mapazi ena, kutupa kwake sikuti mtima wafooka ndipo Lasix sakuthetsa. Atenolol ndi carvedilol amachepetsa liwiro la mtima, ndiye phunzirani kugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mphindi yathunthu, kukatsika pansi pa 50 munthu nkumamva chizungulire akawonedwe. Awa osawasiya mwadzidzidzi, mtima umabwezera moyipa. Kwa wa shuga amabisa zizindikiro zoti shuga watsika, ndipo kwa wa mphumu, makamaka mnzawo wa gulu lomweli wotchedwa propranolol, akhoza kutseka chifuwa kotheratu.

Digoxin, wothandiza mtima kugunda mwamphamvu ndi mosathamanga, ndi wakalekale, anachokera ku duwa lotchedwa foxglove limene dokotala wa ku England William Withering analemba za ntchito yake mu 1785, koma mpaka lero ndi mankhwala amene mulingo wochiza ndi mulingo wopweteka zili pafupi kwambiri. Munthu akayamba nseru, kusafuna kudya, kusokonezeka mutu, kuona zinthu zachikasu, ganizirani digoxin. Zimakonda kuchitika mchere wa m'magazi wotchedwa potassium ukatsika m'thupi, ndipo amene amatsitsa potassium ndi furosemide yemwe uja amene amamwera limodzi, nchifukwa chake amafuna kumayeza magazi. Amene anapatsidwa kapilisi koika pansi pa lilime chifuwa chikamapweteka azikhala pansi kaye asanaike, ndipo abambo imvani, kameneka sikayenderana ndi Viagra ngakhale pang'ono, BP imagwa mpaka munthu kukomoka.

Tsopano mdani wamkulu wa onsewa ali pa golosale pomwepa, Brufen, diclofenac ndi indocid. Munthu ali pa enalapril ndi furosemide ndiye bondo likuwawa wagula bufeni wamwa sabata yonse, impso zimaima. Amasungitsanso madzi m'thupi ndi kukweza BP. Wa ululu ndi Panado basi, ndipo osapitirira mapilisi 8 a 500mg patsiku kwa munthu wamkulu. Chimodzimodzi akatsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza, madzi atha kale m'thupi ndiye kupitiriza Lasix, enalapril ndi spironolactone (nayenso ndi wochotsa madzi) kumapweteka impso, lankhulani ndi achipatala tsiku lomwelo, kawirikawiri amauza kuti aimitse kaye mpaka ayambe kudya ndi kumwa bwino. Za mchere, WHO imati osapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo muwerengere ndi timakyubu tokometsera ndiwo, usipa wamchere, ngakhale soda amene timathira mu therere naye ali ndi sodium.

Warfarin

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pamafera anthu. Warfarin amaperekedwa kwa amene magazi anaundana mu mtsempha wa mwendo kapena m'mapapo, amene mtima wake umagunda mosalongosoka, ndi amene anamuika valavu yachitsulo mumtima, ngati achinyamata ambiri amene mtima unawonongeka ndi zilonda zapakhosi zaubwana nkukachitidwa opaleshoni ku India. Timati amasungunula magazi koma kwenikweni sasungunula, amalepheretsa chiwindi kugwiritsa ntchito vitamini K amene amafunika popanga zinthu zoumitsa magazi. Mbiri yake ndi yodabwitsa, ku America ng'ombe zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wowola wa sweet clover, gulu la Karl Paul Link ku Wisconsin linapeza chimene chimachititsa, mu 1948 anayamba kugulitsa ngati mankhwala a makoswe, mu 1954 ndi pamene analoledwa kwa anthu. Ndiye mukamva wina akuti mukumwa mankhwala a makoswe sakunama, kungoti nkhani ndi mulingo.

Mulingowo umadziwika ndi kuyeza magazi kotchedwa INR. Munthu wosamwa warfarin amakhala pa 1. Ambiri amafunika akhale pakati pa 2 ndi 3, a valavu yachitsulo ena amawaika pa 2.5 mpaka 3.5. Ikatsika magazi amaundana nkubweretsa sitiroko, ikakwera munthu amataya magazi. Simungaimve m'thupi, munthu amakhala akuyenda bwinobwino INR ili pa 6. Ndiye deti ya INR si yodumpha, olo thiransipoti ivute bwanji, bola kudumpha zina. Komanso warfarin sagwira tsiku lomwelo, amatenga masiku pafupifupi asanu, nchifukwa chake poyamba amabaya jakisoni wa heparin kapena enoxaparin pamimba.

Warfarin amwedwe kamodzi patsiku nthawi yomweyomweyo, madzulo ndi bwino chifukwa zotsatira za INR zikatuluka masana mulingo umasinthidwa tsiku lomwelo. Mukaiwala nkukumbukira tsiku lomwelo imwani, kukacha zisiyeni, osamwa awiri kubwezera. Yang'anani nambala ya mg pa paketi nthawi zonse, wa 1mg ndi wa 5mg kusiyana kwake ndi moyo wa munthu.

Nkhani ya masamba anthu amaisokoneza kwambiri. Amva kuti masamba ali ndi vitamini K ndiye amuletsa wodwala chisoso, bonongwe, nkhwani, mpiru, repu, zonse, munthu azidyera chiyani nsima? Si choncho. Adye masamba monga amadyera nthawi zonse, chofunika ndi kusasinthasintha, mulingo wa warfarin amaukonza molingana ndi kadyedwe kake. Chovuta ndi dzinja likafika ndiwo zamasamba zili mbwee tsiku lililonse pamene mwezi wa October amadya nyemba ndi usipa, kapena wina wamuuza ayambe ufa wa chammwamba masupuni atatu patsiku. Pamenepo INR ikhoza kusuntha, auzeni aku kiliniki ayeze msanga. Mowa wa chikondwerero, kumwa wambiri tsiku limodzi, umakweza INR.

Koma amene amasokoneza kwambiri ndi mankhwala anzake. Bactrim, Flagyl, fluconazole ndi ciprofloxacin amakweza mphamvu ya warfarin, ndipo awa ndi amene amalembedwa tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu, munthu wangotsegula m'mimba wapatsidwa Flagyl, patatha masiku ochepa akukodza magazi. Rifampicin wa mu mankhwala a TB amachita zosiyana, amachititsa chiwindi kuphwanya warfarin mofulumira ndiye mulingo umayenera kukwezedwa kwambiri, ndipo ngozi imabwera TB ikatha, rifampicin wasiyidwa koma warfarin akadali pa mulingo wapamwamba uja. Amene ali pa ma ARV ndi Bactrim wa tsiku ndi tsiku asasiye okha, kungoti makiliniki onse awiri adziwane zimene akupereka. Aspirin, Brufen ndi diclofenac ayi, pokhapokha dokotala wa mtima atanena yekha za aspirin. Mankhwala azitsamba a m'mabotolo aja ogulitsa m'misika ndi m'mabasi, ine ndimati pa warfarin asayandikire, palibe amene angakuuzeni kuti muli chiyani ndipo mochuluka bwanji. Kutema mphini nakonso ayi.

Zoti muthamangire nazo kuchipatala: kamfuno wosasiya patadutsa mphindi 10 mutatsina mphuno, chimbudzi chakuda bii chonata, kusanza magazi, mkodzo wofiira, kusamba kochuluka modabwitsa, mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi. Akagwa pa kabaza nkumenyetsa mutu apite olo akuoneka kuti ali bwino, magazi amatha kumadontha mkati mwa mutu pang'onopang'ono. Atsikana ndi amayi amene ali pa warfarin akambirane za kulera ndi adokotala chifukwa amapundula mwana m'mimba makamaka miyezi itatu yoyamba, koma wa valavu yachitsulo akazindikira kuti waima asangosiya yekha, apite msanga akamukonzere njira ina. Kuli atsopano ngati rivaroxaban osafuna INR, okwera mtengo, amwedwe ndi chakudya, koma sagwira ntchito kwa wa valavu yachitsulo, ndiye m'bale wa ku Joni asakutumizireni kuti musinthe nokha.

Ma inhela a mphumu

Pali chikhulupiriro choti ukayamba inhela ndiye kuti matenda afika pothera kapena uzolowera, ndiye anthu amakonda mapilisi a salbutamol ndi aminophylline. Zoona zake inhela ndi imene ili yabwino, mankhwala amapita m'mapapo mwachindunji pa mulingo wochepa kwambiri, kupopa kamodzi ndi ma microgram 100 pamene pilisi limodzi ndi 4mg, kutanthauza ma microgram 4,000, lozungulira thupi lonse nkumanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima.

Ma inhela ndi awiri ndipo ntchito zawo ndi zosiyana. Ya buluu, salbutamol, imatsegula njira za mpweya mu mphindi zochepa ndipo imagwira maola 4 mpaka 6, ndi ya pamene wabanika. Ya bulawuni, beclomethasone, imachotsa kutupa kwa mkati mwa njirazo, siimveka nthawi yomweyo, imafuna tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo kwa milungu ndithu, olo munthu ali bwino. Ndiye anthu amataya ya bulawuni kuti siigwira nkumangodalira ya buluu, pamene yoteteza kuti asadzafe ndi mphumu ndi ya bulawuniyo. Kuyambira 2019 malangizo a padziko lonse a GINA anasiya kulimbikitsa kuchiza mphumu ndi salbutamol yekha kwa akuluakulu ndi achinyamata. Ngati ya buluu ikufunika kuposa kawiri pa sabata kapena mukumaliza zitatu pachaka, mphumuyo siikulamulirika.

Kapopedwe kake: chotsani chivindikiro, khutchumulani, tulutsani mpweya wonse, ikani pakamwa milomo itseke bwino, yambani kukoka mpweya pang'onopang'ono ndipo mukangoyamba kukoka dinani kamodzi, pitirizani kukoka mpaka chifuwa chidzadze, gwirani mpweya masekondi 10. Mukaona utsi ukutuluka pakamwa ndiye kuti mankhwala apita mumphepo. Ambiri zimawavuta kugwirizanitsa kudina ndi kukoka, ana ndi agogo ndiye sangathe nkomwe, apa ndi pofunika sipesa, kachubu koika pakati pa inhela ndi pakamwa kuti mankhwala azidikira mmenemo munthu akukoka mpweya. Ngati ya ku famase palibe, botolo lapulasitiki la 500ml limagwira, ndipo izi si zongopeka, Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaziyesa pa ana mu 1999 napeza kuti botolo lotsekedwa bwino limafanana ndi sipesa yogula. Boolani kunsi kwa botolo bowo lofanana ndi kamwa ya inhela ndi waya wotentha, inhela ilowe mothina, ngati pali mpata matani ndi tepi. Litsukeni ndi sopo wa mbale mulisiye liume lokha osapukuta, kuti mankhwala asamamatirire m'mbali. Wodwala aike kukamwa kwa botolo mkamwa, popani kamodzi, apume kasanu, khutchumulani, popaninso. Osapopa kanayi nthawi imodzi. Akamaliza ya bulawuni achukuche mkamwa nkulavula, apo ayi kumatuluka zoyera mkamwa ndipo mawu amasasa.

Akabanika kwambiri mukhazikeni tsonga, mupopereni ya buluu kamodzikamodzi kudzera mu botolo mpaka ka 10 kwa wamkulu, muli pa ulendo wa kuchipatala. Akamalephera kumaliza chiganizo kapena milomo yasintha mtundu musayese za kunyumba. Ndipo palibe inhela imene ingapambane mbaula yoyaka m'nyumba yotseka mawindo kapena kuphikira nkhuni m'khitchini mopanda potulukira utsi.

Prednisolone ndi anzake ochepetsa chitetezo

Prednisolone ndi wodabwitsa, munthu wotupa mafupa kapena wobanika amadzuka tsiku lotsatira ali gwa, ndiye anthu amamukonda mpaka kumakagula okha. Wa masiku asanu pa mphumu alibe vuto, mukhoza kusiya basi. Koma wopitirira milungu itatu ndi nkhani ina. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga cortisol, amene amagwira BP ndi shuga kuti munthu aime, ndiye thupi likaona kuti prednisolone akubwera tsiku ndi tsiku tiziwaloti timasiya ntchito, ngati khomo limene lazolowera chimanga cholandira mpaka kusiya kulima, tsiku limene thandizo ladulidwa mwadzidzidzi m'nkhokwe mulibe kanthu. Munthu amafooka, kusanza, BP kugwa, ena amamwalira. Nchifukwa chake amatsitsa pang'onopang'ono, ndipo kandondomeko kamene alemba adokotala katsatidwe ndendende. Mankhwala akatsala a sabata imodzi yambani kale kusakasaka ena.

Amwedwe m'mawa atadya. Amakweza shuga ndi BP, amadzutsa njala, nkhope imakhala yozungulira, mafupa amafooka, ndipo akaphatikizana ndi bufeni zilonda za m'mimba sizichedwa. Kunenepa kumeneku ndi kumene kumapusitsa ena kumamwa dexamethasone, mnzake wa prednisolone, kuti aoneke a thupi, chonde si thanzi limenelo, ndi madzi ndi mafuta okhala malo olakwika uku miyendo ikuwonda. Chachikulu kwa ife kuno ndi TB, ambiri tili nako kachilombo kake kogona m'thupi ndipo chitetezo chikatsitsidwa kamadzuka, ndiye chifuwa, thukuta la usiku kapena kuwonda zisadikire. Mankhwala a gulu la prednisolone, otchedwa ma steroid, amabisanso kutentha thupi, munthu akhoza kukhala ndi matenda aakulu thupi lili lozizira bwinobwino. Mwana wa katsabola kapena munthu wa mashingozi asayandikane naye, zikachitika dziwitsani achipatala.

Methotrexate, wa nyamakazi yotupitsa mfundo ndi matenda ena a khungu, amamwedwa KAMODZI PA SABATA. Ndalemba ndi zilembo zazikulu dala chifukwa anthu afa pomwa tsiku ndi tsiku poganiza kuti ndi ngati mapilisi ena onse. Sankhani tsiku, mulilembe pa paketi, folic acid amwedwe tsiku lina. Methotrexate ndi Bactrim sizikumana, zimapha mafuta a m'mafupa opanga magazi, ndipo mowa ndi mimba nazo ayi. Azathioprine, winanso wochepetsa chitetezo, naye sayenderana ndi allopurinol wa gauti. Zilonda mkamwa, pakhosi powawa, kutentha thupi kwa munthu amene ali pa methotrexate kapena azathioprine ndi zoyezetsa magazi tsiku lomwelo. Amene anaikidwa impso ya munthu wina ndipo ali pa tacrolimus kapena ciclosporin, nthawi yomwera ndi yosasuntha, maola 12 enieni ngati ndi wa kawiri patsiku, chipatso cha grapefruit ayi, ndipo akapezeka ndi TB dokotala wa impso adziwe asanayambe rifampicin chifukwa amatsitsa mankhwalawa mpaka thupi kuikana impsoyo.

Za maulendo

Maliro akagwa kumudzi timanyamuka mothamanga kuganiza kuti ndi masiku awiri nkukhala sabata, ndiye mankhwala anyamulidwe a masiku owonjezera, m'chikwama cha m'manja osati mu katundu wokwera pamwamba pa basi padzuwa. Ku kiliniki mukapeza mtundu wina watha funsani kuti mwa onsewa ndi ati osayenera kudumpha ngakhale tsiku limodzi, ndalama ikachepa muyambe kugula amenewo, kawirikawiri ndi warfarin, prednisolone wa nthawi yaitali, atenolol kapena carvedilol, ndi a impso yoikidwa aja. Wa jakisoni wa benzathine penicillin wa mwezi ndi mwezi, uja woteteza mtima umene unawonongeka ndi zilonda zapakhosi, ngati deti ikumupeza ali kumudzi, atenge health passport akafunse pa health centre yapafupi deti isanakwane.